Quarterback amene timu sikumufunanso: kumugulitsa kapena kungomumasula?

Funso latipeza kuchokera kwa achimwene ena omwe akuti anayamba kutsatira NFL, ligi ya American football ya ku America, zaka zochepa zapitazo ndipo mtima wawo uli ku Denver Broncos. Akufunsa kuti: "Nkhani ya Russell Wilson sindiimvetsa mpaka lero. Anamugula modula zedi kuchokera ku Seattle, kenako anangomusiya apite ulele, n'kumamulipirabe akusewerera Pittsburgh. Bwanji sanamugulitse kuti apezepo kenakake? Timu ikatopa ndi quarterback wake chanzeru n'chiti, kumugulitsa kapena kungomumasula?"

Kwa omwe simuutsatira mpirawu, quarterback ndi wosewera yemwe amaponya mpira ndi kutsogolera timu ikamaukira. Achimwene, ngati alipo wofuna kumutenga mugulitseni, ngakhale akupatseni zochepa, ngakhale zitafika poti inuyo muwonjezerepo ndalama kuti malonda atheke. Koma pali nthawi zina zomwe kontirakiti imene munasayina nokha yapha kale msika, ndiye pamenepo kumasula munthu msanga kumaposa kudikira wogula yemwe sabwera. Denver inali pamenepo mu Malichi 2024 ndipo ine ndimati anachita bwino kumumasula. Pomwe analakwitsa ndi kumbuyo, mu 2022, tifikako.

Kaye tichotse maganizo a mpira wa miyendo womwe tonse tinakulira, chifukwa ndi umene ukukusokonezani. Ku Premier League kalabu ikafuna wosewera imalipira kalabu inzake ndalama, kontirakiti yakale imatha, wosewera n'kusayina yatsopano ndi mabwana atsopanowo. Ku NFL sizili choncho ayi. Kumeneko matimu sagulitsana osewera ndi ndalama za mamiliyoni, amasinthana ndi ma draft pick, kutanthauza mpata wosankha mnyamata wochokera ku koleji pa draft ya chaka ndi chaka yomwe imakhala ndi ma round 7, kapena amasinthana wosewera kwa wosewera. Ndipo chachikulu n'chakuti wosewerayo amapita ndi kontirakiti yake momwe ilili. Ndiye timu yomwe ikufuna kumutenga siyang'ana mkono wake wokha kapena momwe amawerengera defense, imayang'ananso pepala lomwe wanyamula, kuti kodi tikamutenga tikhala tikumulipira zingati komanso mpaka liti. Quarterback wabwino ndithu akhoza kukhala wopanda mtengo pamsika chifukwa choti pepala lake ndi lolemera kuposa mpira womwe akusewera.

Kenako pali salary cap. Matimu onse 32 ali ndi malire ofanana a ndalama zomwe angawerengere osewera awo pachaka, mu 2024 zinali $255.4 miliyoni, mu 2025 zinakwera kufika $279.2 miliyoni. Mwini timu akhale wolemera bwanji, malirewo sangawadumphe. Tsono momwe amawerengera ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tiyerekeze mwasayinitsa quarterback zaka 5 n'kumupatsa signing bonus ya $50 miliyoni. Ndalamayo amalandira pompo ndithu, koma m'mabuku a cap imagawidwa zaka zisanu, $10 miliyoni chaka chilichonse. Mukamuchotsa patatha zaka ziwiri, $30 miliyoni yomwe simunaiwerengere ija imagwera pa cap yanu nthawi imodzi, ndiye yomwe amaitcha dead money, malo pa cap omwe akudyedwa ndi munthu yemwe salinso mu timu. Imeneyi simungaithawe, kaya mwamugulitsa kaya mwamumasula ndi yanu basi, chifukwa ndi ndalama yoti munapereka kale. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pa malipiro a mtsogolo omwe munalonjeza kuti adzalandira zivute zitani, aja amati guaranteed. Mukamugulitsa, amenewo amapita naye kwa wogula. Mukamumasula amatsala kwa inu, mudzamulipira ali kwina.

Ndiye mukuona kuti papepala kugulitsa kumaposa kumasula nthawi zonse: mumapeza pick, mumatula malipiro a mtsogolo, komanso mumasankha nokha komwe akupita. Vuto ndi loti malonda amafuna anthu awiri, nthawi zina atatu.

Tiyeni tilowe mwa Wilson bwinobwino chifukwa manambala ake amayankha okha. Mu Malichi 2022 Denver inapereka ku Seattle ma pick awiri a round yoyamba, awiri a round yachiwiri, imodzi ya round yachisanu, kuphatikizapo osewera atatu, Drew Lock, Noah Fant ndi Shelby Harris. Asanasewere gemu ngakhale imodzi ya ligi, kumayambiriro kwa Seputembala anamuwonjezera kontirakiti ya zaka 5 ya ndalama pafupifupi $245 miliyoni. Sizoni yoyamba inavuta kwambiri, timu inamaliza 5-12 ndipo kochi Nathaniel Hackett anachotsedwa mu Disembala sizoni isanathe n'komwe. Kunabwera Sean Payton mu 2023, Wilson anasewera bwinoko, ma touchdown 26 (mipira yomwe anaponya n'kubala zigoli) ndi ma interception 8 (mipira yomwe anaponya n'kugwidwa ndi adani) si manambala oipa, koma aliyense amene ankaonera ankaona kuti kochi ndi quarterback sakumvana kaseweredwe. Payton amafuna mpira uzituluka msanga, pa nthawi yake, monga ankachitira ndi Drew Brees ku New Orleans, pomwe Wilson moyo wake wonse wakhala akugwira mpira nthawi yaitali, kuzungulira, kufunafuna mpira wautali. Wilson anapambana magemu 11 n'kuluza 19 m'zaka zake ziwiri ku Denver.

Tsono mu kontirakiti muja munali zinthu ziwiri. $39 miliyoni ya 2024 inali yotsimikizika kale, palibe chomwe akanachita. Ndipo panali $37 miliyoni ina ya 2025 yomwe inali yotsimikizika pokhapokha atavulala, koma ikanasanduka yotsimikizika kotheratu akanakhala kuti akadali mu timu pa 17 Malichi 2024. Ndiye dziikeni inuyo pampando wa general manager (GM), bwana woona zotenga ndi kumasula osewera, wa timu ina. Denver yakuimbirani kuti tengani Wilson. Munthu wa zaka 35, ndipo mukamutenga mwatenga $39 miliyoni ya chaka chino ndi $37 miliyoni ya chaka chamawa, zonse pamodzi $76 miliyoni, kuwonjezera pick yomwe akufuna muwapatse. Koma mukudziwanso kuti deti la 17 Malichi lawapanikiza, sangadutse nalo, ndiye mukangodekha masiku ochepa amumasula okha ndipo mudzamupeza pamtengo wotsikitsitsa osapereka pick iliyonse. Mungalipirirenji? Palibe analipira, ndipo sikuti ma GM enawo ankamuona Wilson ngati wotheratu, ankangodziwa kuwerenga kalendala.

Munthu wachitatu pa malondawo ndi wosewera mwini wake. Wilson anali ndi no-trade clause, kutanthauza kuti sakanagulitsidwa kulikonse popanda iye kuvomera. Ndipo iyeyo kumasulidwa kunali kokoma kuposa kugulitsidwa, chifukwa $39 miliyoni yake ikubwerabe kuchokera ku Denver, amasankha yekha timu, komanso timu yatsopanoyo siitaya pick chifukwa cha iye, ndiye akulowa mu timu yomwe sinafooke pomutenga. M'makontirakiti ambiri mumakhala offset, kuti zomwe ukalandire kwina zichotsedwe pa ngongole ya timu yakale. Ndiye Wilson akanasayina $10 miliyoni ku Pittsburgh m'thumba mwake simukanalowa kalikonse kowonjezera, akanangopeputsira Denver katundu. Anasayina ya pansi penipeni, $1.21 miliyoni, Denver n'kulipira zotsalazo pafupifupi $38 miliyoni. Ndi chifukwa chake munaona zomwe zinakupwetekani mtima zija, munthu atavala yunifomu ya Pittsburgh Steelers koma malipiro akuchokera ku Denver.

Derek Carr anachita chimodzimodzi ndi Las Vegas Raiders chaka chimodzi m'mbuyomo. Raiders anamuika pa benchi kumapeto kwa sizoni ya 2022, panali ndalama yoposa $40 miliyoni yomwe ikanatsimikizika pa 15 Febuluwale 2023, anamulola kukacheza ndi New Orleans Saints kuti mwina malonda atheke, iye anakana kugulitsidwa kwina kulikonse pogwiritsa ntchito no-trade clause yake. Pa 14 Febuluwale anamumasula, ndipo patangopita masabata ochepa anakasayina ku Saints komweko zaka 4, $150 miliyoni. Saints anamupeza osapereka pick. Ndipo ine sindimuda Carr pamenepa, clause imeneyo anachita kukambirana ndipo timu inavomera ndi maso ali tseguke.

Pali chinthu chimodzi chomwe Denver inachita chomwe sindinachikonde ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake. Wilson anauza atolankhani kuti pakati pa sizoni ya 2023, atangogonjetsa Kansas City Chiefs kumapeto kwa Okutobala, timu inamuuza kuti asinthe mfundo ya $37 miliyoni ija apo ayi amuika pa benchi, ndipo bungwe la osewera la NFLPA linalowererapo. Iye anakana, anapitiriza kusewera, kenako magemu awiri omaliza anamukhazikadi pansi n'kuika Jarrett Stidham. Kumukhazika pansi kumapetoko ndikumvetsa, akanathyoka bondo mu gemu yosathandiza kanthu ndiye kuti $37 miliyoni yatsekeka, ndipo New York Giants anachitanso zomwezo ndi Daniel Jones mu Novembala 2024 poopa $23 miliyoni ya mtundu womwewo, mpaka Jones anapempha yekha kuti amumasule. Koma kuopseza munthu pakati pa sizoni timu ikuyamba kupambana, zimenezo osewera ena 52 amaona, ma ejenti amaona, ndipo mwauza ligi yonse kuti munthuyu simukumufuna. Kamtengo kalikonse komwe akanakhala nako pamsika kanathera pomwepo.

Dead money ya Wilson inakwana $85 miliyoni, yomwe panthawiyo inali yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya ligi, kuposa kuwirikiza kawiri $40.5 miliyoni ya Matt Ryan ku Atlanta mu 2022. Apa ndi pomwe kumasula kuli ndi kamwayi kamodzi komwe kugulitsa kulibe. Timu iliyonse imaloledwa osewera awiri pachaka oti iwamasule mu Malichi koma m'mabuku awerengedwe ngati achoka pambuyo pa 1 Juni, ndiye dead money imagawika zaka ziwiri. Denver inanyamula $53 miliyoni mu 2024 ndi $32 miliyoni mu 2025. Pa malonda mwayi umenewu kulibe, kuti mugawe choncho muyenera kudikiradi mpaka Juni afike, pomwe matimu ambiri amakhala atapeza kale ma quarterback awo ku free agency ya Malichi, msika wa osewera opanda kontirakiti, ndi draft ya Epulo. New York Jets anachitanso momwemo ndi Aaron Rodgers mu 2025, $49 miliyoni yogawa pawiri.

Tsono musatenge nkhani ya Wilson ngati lamulo, chifukwa nthawi zambiri wogula amakhalapo ndipo timu yomwe yangomasula munthu osayesa msika yataya chuma. Philadelphia mu 2021 inali ndi Carson Wentz atasewera sizoni yoipa zedi, ataikidwa pa benchi chifukwa cha Jalen Hurts, ubale ndi timu utawonongeka. Anameza $33.8 miliyoni ya dead money koma Indianapolis inawapatsa pick ya round yachitatu ndi ina yomwe inasanduka ya round yoyamba chifukwa Wentz anasewera ma snap okwanira, kutanthauza maulendo omwe anali m'bwalo mpira ukamayambika. Chinathandiza n'chiyani? Kochi wa Indianapolis Colts panthawiyo anali Frank Reich yemwe anagwirapo ntchito ndi Wentz ku Philadelphia m'zaka zake zabwino ndipo ankakhulupirira kuti amukonza. Pamsika wa ma quarterback simufuna matimu khumi, mumangofuna kochi mmodzi amene akukhulupirira kuti vuto silinali mnyamatayo koma omwe ankamuphunzitsa. Ndipo makochi otere sasowa, chifukwa ma quarterback odalirika padziko pano sakwana 32.

Ngakhale wogula atakhala wozizira pali njira yomukokera, kudya nawo malipiro. Cleveland Browns itatenga Deshaun Watson mu Malichi 2022 inatsala ndi Baker Mayfield, yemwe anali pick yoyamba ya draft yonse ya 2018, ali ndi malipiro otsimikizika pafupifupi $19 miliyoni. Aliyense ankadziwa kuti sangakhale, iye mwini anali atapempha kale kuchoka, ndiye mafoni sankalira. Zinakoka mpaka Julayi pomwe Carolina Panthers inamutenga ndi pick ya round yachisanu, Browns n'kulipira $10.5 miliyoni, Panthers pafupifupi $5 miliyoni, Mayfield mwini n'kudula $3.5 miliyoni pa malipiro ake. Ena anaseka kuti pick yoyamba ya draft yapita ndi round yachisanu, koma werengani bwino, akanamumasula akanalipira pafupifupi zonse n'kutsala manja lende. Anapulumutsa ndalama zoposa $8 miliyoni n'kupezanso ka pick. Chomwe Cleveland inalakwitsa pamenepo si mtengo, ndi dongosolo, anayamba kuthamangira Watson poyera asanakonze za munthu yemwe anali naye kale m'nyumba.

Houston inapita patali kuposa pamenepo mu 2017. Inali itapatsa Brock Osweiler $72 miliyoni ya zaka 4 ndipo chaka chimodzi chinakwana kuona kuti sizikuyenda. Anamutumiza ku Cleveland pamodzi ndi pick ya round yachiwiri ya 2018, ndiye kuti analipira Browns kuti atenge malipiro ake a $16 miliyoni. Browns anali ndi malo ambiri pa cap ndipo sankayembekeza kupambana chaka chimenecho, ndiye kwa iwo kunali kugula pick ndi ndalama, Osweiler anamumasula sizoni isanayambe, pick ija anakasankhira Nick Chubb. Los Angeles Rams nawo mu 2021 anaika Jared Goff ndi kontirakiti yake yolemera m'malonda a Matthew Stafford, kuwonjezera ma pick awiri a round yoyamba ndi imodzi ya round yachitatu, Rams anakatenga Super Bowl, chikho cha ligi yonse, sizoni yomweyo, Detroit nayo inapeza quarterback yemwe anadzaifikitsa ku NFC Championship, gemu yomwe wopambana amalowa mu Super Bowl. Mungafunse kuti nanga Denver sikanachita za Osweiler? Kuti munthu avomere kunyamula $76 miliyoni mukanayenera kumupatsa pick ya round yoyamba mwina kuposa apo, ndipo Denver inali itataya kale ma pick ochuluka pogula Wilson, inatayanso ya round yoyamba ina popereka ku New Orleans kuti itenge Payton. Pick ya nambala 12 ya 2024 ndi yomwe ankafuna kusankhira quarterback watsopano, kuipereka kuti athawe ngongole kukanakhala kuwotcha mbewu pofuna kuphika lero. Komanso eni timu a banja la Walton ndi Penner, omwe anaigula $4.65 biliyoni mu 2022, kulemba cheke ya $38 miliyoni sikunali vuto lawo, vuto linali cap basi.

Pali njira yachitatu yomwe simunaifunse koma anthu amaitchula kwambiri, kumusunga n'kudikira. Omwe amaikonda amatchula Sam Bradford. Mu 2016 Philadelphia inasankha Wentz pa nambala 2, Bradford anakwiya n'kupempha kuchoka, iwo anakana kumutaya motchipa. Kutatsala masiku ochepa kuti sizoni iyambe Teddy Bridgewater wa Minnesota Vikings anavulala bondo koopsa pa training, Vikings anathamanga n'kupereka pick ya round yoyamba ndi ina ya round yachinayi. Amatchulanso Jimmy Garoppolo mu 2022, San Francisco inalephera kumugulitsa chifukwa anachitidwa opaleshoni ya phewa, anagwirizana kudula malipiro n'kukhala wachiwiri kwa Trey Lance, Lance n'kuthyoka kakolo mu gemu yachiwiri, Garoppolo n'kubwerera m'bwalo timu n'kumapambana. Zoona zimenezo zinachitika. Koma onani chomwe chikufanana pa awiriwa, panalibe deti lomwe likanawatsekera ndalama zina zazikulu za mtsogolo chifukwa chodikira, ndipo onse awiri anali anthu oti akhoza kulowa mu locker room osagawa timu. Kudikira kuli ndi phindu ngati sikukuwonjezerani ngongole. Atlanta inasunga Kirk Cousins mu 2025 atataya malo kwa Michael Penix Jr., chifukwa malipiro ake a chaka chimenecho anali otsimikizika kale ndiye anati bola akhale pano ngati wachiwiri, koma posunga anatsekanso $10 miliyoni ina ya 2026. Ine pamenepo ndinkaona kuti mtengo wa kudikirako wakwera, ngakhale kuti Penix atavulala Cousins anaseweradi. Kwa Denver kudikira kunali $37 miliyoni, ndi kochi yemwe wasonyeza kale poyera kuti munthuyu samufuna. Sizikanatheka.

Za kuopa kuti akapita kwa adani, zilipo ndithu koma anthu amazikulitsa. Green Bay Packers mu 2008 inakana kumasula Brett Favre chifukwa inkadziwa kuti athamangira ku Minnesota, inamugulitsa ku Jets n'kuikamo mfundo yoti Jets akamupititsa ku Vikings alipira ma pick atatu a round yoyamba. Zinagwira chaka chimodzi chokha, Jets anamumasula mu 2009 ndipo anakafika ku Minnesota komweko n'kugonjetsa Packers kawiri sizoni imeneyo. Koma Packers anali atapeza pick komanso chaka chimodzi cha mtendere kuti Aaron Rodgers akhazikike, ndiye malondawo anali ndi phindu. Mfundo yanga ndi yoti ngati mukuopa kwambiri kuti munthuyo akakupwetekani ali kwina, bwererani mukaonenso ngati mukuchita bwino kumuchotsa. Ndipo inu a Broncos musaiwale kuti munadyapo bwino pa quarterback womasulidwa, Indianapolis inamasula Peyton Manning mu Malichi 2012 pothawa bonasi ya $28 miliyoni atachitidwa maopaleshoni a khosi, Denver inamutola osapereka pick ndipo anakupatsani Super Bowl 50.

Kanthu kena kakang'ono, wosewera yemwe mwamumasula sakubweretserani compensatory pick, ija ligi imapereka kwa timu yomwe yataya osewera omwe kontirakiti yawo yatha yokha. Ndiye ngati quarterback watsala ndi chaka chimodzi pa malipiro otsika, makamaka achinyamata omwe ali pa kontirakiti yoyamba, kumumasula kulibe nzeru konse. Amenewo amagulika nthawi zonse ngakhale motchipa, Arizona inapeza pick ya round yachiwiri pa Josh Rosen mu 2019 itangosankha Kyler Murray, Chicago inapeza ya round yachisanu ndi chimodzi pa Justin Fields mu 2024. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi kukuuzaninso za nthawi, Rosen anali ndi zaka zitatu zotchipa kutsogolo, Fields chimodzi chokha.

Ndibwerere ku 2022 kuja ndinalonjeza. Wilson atafika ku Denver anali akadali ndi zaka ziwiri pa kontirakiti yake ya ku Seattle, 2022 ndi 2023. Panalibe chowakakamiza kumuwonjezera asanamuone akusewera mu yunifomu yawo. Ndikumvetsa mantha awo, munthu wapereka ma pick onse aja safuna kuti pakatha zaka ziwiri wosewerayo achoke, komanso mitengo ya ma quarterback imakwera chaka chilichonse ndiye kusayina msanga kumaoneka kutchipa. Koma zaka zatsopano za kontirakiti ija zinkayamba 2024, ndiye kuti Wilson sanasewere ngakhale snap imodzi pa zaka zomwe anamuwonjezera, ndipo onse pamodzi anamulipira pafupifupi $124 miliyoni pa masizoni awiri. Akanadikira chaka chimodzi chokha, atatha 2022 akanakhala ndi quarterback wa chaka chimodzi chotsala, wogulitsika ndithu, ndipo funso lanuli bwenzi kulibe. Zoti mudzagulitsa kapena mudzamasula zimalembedwa tsiku losayina, pa ndalama zotsimikizika, pa madeti, ndi pa no-trade clause.

Chomwe ndimawayamikira a Denver ndi choti atafika pa Malichi 2024 sanayang'ane zomwe anataya kale. Matimu ambiri amagwa pamenepa, GM amaopa manyazi, amati tinapereka ma pick asanu ndi osewera atatu ndiye tiyeni tiyesenso chaka china, ndipo chaka chinacho chimabwera ndi ngongole yatsopano. Ma pick aja anapita, bonasi ija inapita, $39 miliyoni inali itapita kale ngakhale inali isanatuluke ku banki. Ndalama yokhayo yomwe inali m'manja mwawo kuti aipulumutse kapena aitaye inali $37 miliyoni ya 2025, ndipo anaipulumutsa. Kenako anasankha Bo Nix pa nambala 12, kontirakiti yake yonse ya zaka 4 ndi pafupifupi $18.6 miliyoni, ndiye quarterback wotchipa uja ndi amene anapangitsa kuti $53 miliyoni ya dead money inyamulike. Anamaliza 10-7 n'kulowa ma playoff koyamba chichokereni sizoni ya 2015. Sindikunena kuti kumasula Wilson ndi komwe kunabweretsa zonsezi, defense yawo inali yolimba kwambiri chaka chimenecho ndipo Nix akanatha kulephera monga amalepherera achinyamata ambiri, koma ngakhale akanalephera chisankho cha Malichi chikanakhalabe cholondola pa zomwe ankadziwa panthawiyo.

Ndiye achimwene mukadzamvanso kuti timu yakuti yatopa ndi quarterback wake, musayambe ndi ma highlight ake, pitani pa Over The Cap kapena Spotrac, masamba onsewa amaonetsa makontirakiti ulele. Onani kuti ndalama zotsimikizika zomwe zatsala ndi zingati, muziyerekeze ndi zomwe munthuyo angapeze atakhala free agent lero. Ngati angapeze zofanana kapena zoposa, wogula alipo ndipo timu ikamumasula yachita ulesi. Ngati angapeze zocheperako pang'ono, yembekezerani malonda a mtundu wa Mayfield, timu yakale kudya nawo malipiro n'kulandira pick ya kumapeto. Ngati kusiyana kwake ndi kwa mamiliyoni makumi angapo, ndiye fufuzani deti lomwe ndalama ina ikutsekeka, kawirikawiri limakhala masiku atatu kapena asanu chaka cha ligi chitangoyamba pakati pa Malichi, muonenso ngati ali ndi no-trade clause. Zonse ziwiri zikakhalapo munthuyo amasulidwa deti lisanafike, ngakhale GM atalankhula zotani pa Combine ya mu Febuluwale, pomwe matimu amakaona anyamata a draft, zoti akumvetsera ma offer, ndipo timu yomwe ikumufuna idzakhala ikudikira panja ndi kontirakiti ya ndalama zochepa monga inachitira Pittsburgh.